Mapu Ofiira a ku Lowoma

Ku Kpandema anthu ankamutchula kuti Mayi Mafunso, ndipo kwa zaka zingapo dzinali linali lachikondi. Dzina lake lenileni linali Jattu Sannoh. Anabadwira m'mudzi wa alimi a koko kum'mawa kwa Sierra Leone. Nkhondo itafika kumeneko anali namwali wa ku sekondale. Anathawira ku Guinea ndi mayi ake, bambo ake anatsalira m'njira, ndipo mpaka pano palibe amene akudziwa pomwe anagona. Mumsasa wa othawa nkhondo anakwatiwa ndi mmisiri wa matabwa dzina lake Vandi, nabereka mwana mmodzi wamwamuna, Morie. Mimba zina ziwiri zinapita padera.

Mtendere utabwera, banjali linakakhala ku Kpandema, m'dera la Lowoma, kumunsi kwa depoti ya malole, kumene nyumba za malata zimagundana misana ndipo mvula ikagwa madzi a tauni yonse amathera komweko. Jattu anabwerera kusukulu ali kale mayi, anachita maphunziro a uphunzitsi, nayamba kuphunzitsa masamu pasukulu ya atsikana. Masamu ankawakonda monga ena amakondera nyimbo. Vandi ankadandaula moseka kuti m'nyumba mwake munthu sungabe nthuli ya nsomba mumphika, chifukwa mkazi wake amadziwa kuti zinalimo zingati.

Vandi anapita ndi Ebola. Masukulu atatsekedwa, Jattu analembedwa ganyu yoyenda khomo ndi khomo kufunsa amene anakhudzana ndi odwala. Anthu a ku Lowoma ankabisa odwala awo akaona alendo, koma iye ankamuululira, pakuti anamuona ataima panja manja ali kumutu pamene mwamuna wake ankanyamulidwa m'thumba la pulasitiki. Apa ndi pamene dzina lija linayambira.

Mliri utatha, bungwe lina lofufuza la ku Freetown linamva za iye. Mkulu wake, Dokotala Thorpe, munthu wamtali wa imvi wolankhula pang'onopang'ono, anamutumiza kukaphunzira kusanthula ziwerengero pakompyuta. Jattu anasiya choko. Morie, amene tsopano anali mnyamata wamkulu wonyamula anthu pa njinga yamoto, ntchito imene kumeneko amati okada, ankamutenga m'mawa uliwonse kukamusiya ku ofesi yaing'ono ya bungwelo, akumuuza kuti mabwana a ziwerengero sakwera ulere.

Ntchito yaikulu yoyamba inali ya umbava ndi umbanda. Mabuku a apolisi amasonyeza milandu yokhayo imene anthu akadandaula, ndipo aliyense ankadziwa kuti ambiri sadandaula. Ofufuza ankafuna kudziwa kukula kwenikweni kwa vutolo. Kompyuta inasankha nyumba mwachisawawa m'madera onse a tauni, ndipo Jattu ndi anzake ankafika pa nyumba iliyonse yosankhidwa n'kufunsa ngati chaka chathachi wina wa m'banjamo anaberedwa, kumenyedwa kapena kuopsezedwa, zinachitikira kuti, ndiponso ngati anakanena kupolisi.

Imodzi mwa nyumbazo inali ya Satta, mayi wogulitsa nsomba zowamba amene ankakhala moyang'anizana ndi Jattu. Anamupeza akutembenuza nsomba pa waya, utsi uli tolo.

"Asisi, inu ndi ine timatunga pampopi umodzi, ndiye lero mukufuna ndikuuzeni dzina langa?" anatero Satta.

"Dzina sindilemba, ndilo lamulo lake. Mungokhala nambala basi."

"Nambala yokongola, chonde. Nanga ndikakuuzani za dengu langa lija anandilanda pamsewu wa kumigodi, mundibwezera?"

Jattu anayankha kuti dengu silibwera, koma boma likadziwa kuchuluka kwa anthu olandidwa pamsewu umenewo mwina lidzaikapo apolisi. Satta anaseka mpaka kutsokomola, komabe anafotokoza zonse: za dengulo, za Jusu mwana wake amene achifwamba anamutema pamkono pofuna kumulanda njinga, ngakhale za mkamwini wake womenya mkazi. Pomaliza anafunsa ngati zimenezi sizidzabweretsa mavuto pakhomo pake. Jattu anagwira pachifuwa namulonjeza kuti palibe amene adzabwere. Mawu omwewo anawanena pa makomo ambiri a ku Lowoma, ndipo ankawakhulupirira.

Miyezi ya mvula anaithera pakompyuta, kukonza mayankho olakwika, kuphatikiza, kugawa, kufananiza dera ndi dera. Zotsatira zinali zomveka. Mwa anthu khumi alionse oberedwa, awiri okha ndi amene anakafika kupolisi. Dera la Lowoma ndilo linali ndi anthu ambiri ochitiridwa zoipa, makamaka anyamata a okada olandidwa njinga ndi amayi a geni olandidwa katundu. Koma zambiri mwa zimenezi zinkawachitikira kutali ndi kwawo, pamsewu wa kumigodi ndi pamsika waukulu. Jattu anajambula mapu a tauni, dera lililonse ndi mtundu wake, ndipo Lowoma anatuluka wofiira ngati magazi. Pansi pa mapuwo analemba mizere itatu yochenjeza kuti kufiirako kukusonyeza kumene kumakhala ovutitsidwa, osati kumene kumakhala akuba, komanso kuti nyumba zofunsidwa m'dera lililonse zinali zochepa, choncho madera asaweruzidwe ndi mapu okhawa.

Tsiku loulutsa lipoti, holo ya tauni inadzaza: makhansala, mafumu, azungu awiri ochokera kwa opereka thandizo, ndi mkulu wa apolisi pamodzi ndi omutsatira. Jattu anavala diresi latsopano la nsalu yonyika mu utoto wabuluu. Mapu ake ataonekera pakhoma, akuluakulu ngati chitseko, anaona kuti mizere itatu ija palibe. Wokonza zithunzi ku Freetown anaidula kuti mapu akwane bwino. Dokotala Thorpe anatchulapo chenjezolo m'mawu ake, koma nthawi imeneyo makina a magetsi anali akulira panja ndipo anthu anali akujambula khoma ndi mafoni awo. Mkulu wa apolisi anajambula kawiri. Pa nthawi ya mafunso Jattu anakweza dzanja, koma wotsogolera mwambo anati nthawi yatha, mpunga ukuzizira.

Pasanapite nthawi, chipikisheni cha apolisi chinachitika masana a tsiku la msika. Malole awiri anatseka njira zonse zolowera ku Lowoma, ndipo apolisi anatola mnyamata aliyense amene anamupeza pa siteji ya okada ndi pachisakasa chomwera tiyi wowawa uja amati ataya. Njinga anazikweza pa lole yachitatu. Morie anali atangotsitsa kasitomala. Jusu, mwana wa Satta, anamutenga kapu ili m'manja. Madzulo ake mkulu wa apolisi analankhula pawailesi kuti si iwo okha akunena, ngakhale akatswiri a kafukufuku atsimikiza ndi ziwerengero kuti Lowoma ndi phanga la mbava.

Jattu anamva mawuwo ali pakhomo la polisi, pakati pa amayi ena amene ankadikira kuona ana awo. Wailesi inali ya wogulitsa malalanje. Amayiwo anangosuntha pang'onopang'ono mpaka iye anatsala yekha pabenchi.

M'mawa mwake pampopi mayi wina anafunsa mnzake mokweza ngati lero kuli mafunso, kuti abise ana ake msanga. Satta sanaseke nawo. Anatula ndowa yake nayang'ana Jattu.

"Asisi, munagwira pachifuwa."

"Ndinagwira. Zimene ndinalemba si zimene akunenazo. Mwana wanganso ali momwemo."

"Wanu ali momwemo chifukwa cha ntchito yanu. Nanga wanga?"

Ndowa ya Jattu inasefukira mpaka wina anaikankhira pambali ndi phazi.

Jattu anayesa zonse zimene munthu angayese. Anapita kwa mkulu wa apolisi atanyamula lipoti lathunthu, chala chili pa mizere itatu ija. Mkuluyo anamulandira mwaulemu, anamupatsa madzi ozizira, nanena kuti iye si munthu wa masamu, koma mtundu wofiira amaudziwa, ndipo nkhaniyo tsopano ili m'manja mwa khoti. Dokotala Thorpe analemba chikalata chotsutsa, nyuzipepala imodzi inachisindikiza patsamba lamkati, ndipo mafoni ake kwa akuluakulu ankayankhidwa ndi malonjezo. Anyamata ambiri anatulutsidwa m'masabata otsatira, aliyense mwa njira yake. Otsala, kuphatikizapo Morie ndi Jusu, anawamangirira mlandu wothyola sitolo ya simenti atanyamula zida zoopsa. Mlandu woterowo majisitireti sakanapereka belo. Unayenera kudikira jaji wa khoti lalikulu, amene ankabwera ku Kpandema mwa apo ndi apo. Anawatumiza kundende pa rimandi.

Lachisanu lililonse, mapemphero akatha, Jattu ankanyamula mpunga ndi chigwada chophika ndi mafuta ofiira kupita kundende. Poyamba ankapita ndi Seibatu, mkazi wa Morie, amene anali ndi pakati. Morie ankabwera pawaya akumwetulira, akuti m'chipinda mwawo amagona mothinana moti wina akafuna kutembenuka amayamba wapempha voti.

"Amayi, inu mumadziwa ziwerengero," anatero tsiku lina. "Anthu ngati ife timakhala nthawi yaitali bwanji muno?"

Jattu anayankha kuti palibe amene anawerengapo, ndipo zinali zoona.

"Ndiye muwerenge. Koma ulendo uno musapake utoto."

Anaseka yekha, kenaka ataona nkhope ya mayi ake anapepesa. Sanawaimbepo mlandu ngakhale tsiku limodzi, ndipo Jattu ankaona kuti zikanamupepukira akanakhala kuti wamukalipira.

Jaji anabwera, mwini sitolo sanabwere, mlandu unaimitsidwa. Ulendo wotsatira wapolisi wofufuza anali atasamutsidwa. Ulendo wina galimoto ya ndende inalibe mafuta. Seibatu anabereka mwana wamkazi. Anapirira mpaka mwanayo atayamba kukwawa, kenaka amalume ake anabwera kudzamutenga. Anatsanzika atagwada, akulira, kuti apongozi amukhululukire, pakuti sangathenso kutunga madzi pampopi pamene amayi amalavula akamuona. Jattu anamuthandiza kumanga katundu namuperekeza mpaka ku depoti.

M'chaka chachiwiri cha Morie m'ndende, bungwe lija linapeza thandizo lofufuza za anthu okhala pa rimandi m'ndende za m'chigawocho. Dokotala Thorpe anamuuza Jattu kuti angathe kukana. Iye sanakane. Kulowa m'ndende kukafunsa mafunso sanamulole, chifukwa anali ndi mwana momwemo, koma zonse zimene anzake anatolera m'mabuku a ndende ndi a makhoti zinafika pakompyuta yake: msinkhu wa munthu, mlandu wake, tsiku lolowa, tsiku lotuluka. Maina munalibe.

Atawerengera koyamba, avareji ya nthawi yodikira inatuluka yocheperapo kusiyana ndi mmene ankaganizira. Anabwereza, yankho linali lomwelo. Atayang'anitsitsa anaona chifukwa chake. Mabukuwo ankati mlandu watha munthu akaweruzidwa, akamasulidwa, kapena akamwalira. Munthu womwalira atakhala miyezi inayi ankaoneka ngati wathandizidwa msanga, ndipo ankatsitsa avareji ya onse. Ndende imene inali ndi imfa zambiri ndi imene inkaoneka yachangu kuposa zina. Komanso amene anali akadali m'kati, ngati Morie, sankalowa n'komwe m'chiwerengerocho, chifukwa analibe tsiku lotuluka.

Anaimbira foni Dokotala Thorpe nawafotokozera. Iwo anamuuza kuti akonze, omwalira awaike paokha, otsala m'kati awawerengere ndi njira yoyenera, ndipo ulendo uno palibe amene adule mzere ngakhale umodzi. Jattu anagwira ntchitoyo mosamala kuposa ina iliyonse pamoyo wake. Zinapezeka kuti theka la anthu a pa rimandi ankadutsa zaka ziwiri asanaonane ndi jaji pa mlandu wawo, ndipo mwa anthu khumi ndi awiri alionse mmodzi ankatuluka ali mtembo.

Lipotilo lisanasindikizidwe, Jusu anamwalira ndi chifuwa chachikulu. Mtembo anaupereka kwa abale ake utakulungidwa m'bulangete la ndende. Jattu anavala mpango wake napita kusiwa, akudziwa kuti mwina amubweza. Sanamubweze. Amayi anangomusiyira malo aakulu pamphasa. Satta anali atatsamira khoma, maso ouma, mawu atasasa. Patapita nthawi anamukodola kuti asendere.

"Ndamva kuti mukuwerenganso, asisi."

"Eya."

"Jusu mwamuwerenga?"

"Tinatseka kuwerenga mwezi watha. Iye ali m'gulu la odikira."

"Ndiye kwa inu akadali moyo."

Sananene mwaukali. Anatembenukira kukhoma, ndipo Jattu anakhala pamenepo mpaka amuna atabwera kumanda.

Lipoti linatuluka lathunthu, lopanda cholakwika. Koma pofika nthawiyo opereka thandizo anali atasintha zofuna zawo, chaka chimenecho ankakamba za nyengo ndi kusefukira kwa madzi. Mwambo woulutsa unachitikira m'chipinda chaching'ono ku Freetown, ndipo mwa akuluakulu oitanidwa ambiri anatumiza owaimira. Wailesi inalitchula tsiku limodzi. Makatoni a malipotiwo anafika ku ofesi ya ku Kpandema, ndipo m'nyengo ya mvula anawaunjika pansi pa zenera lodontha kuti madzi asafike pa waya wa kompyuta.

Morie anatuluka chaka chachitatu chili pakati. Lipoti silinathandizepo kanthu. Jaji watsopano anaitanitsa failo ya mlanduwo, failo sinapezeke, ndipo anawamasula onse otsala m'mawa umodzi popanda kuwafunsa funso. Jattu anamudikira pachipata. Anatuluka munthu woonda, wometedwa mpala, woyenda mokoka mwendo, akutsokomola. Morie anapatsa mayi ake moni mwaulemu ngati mlendo. Atapita kupolisi kukafunsa za njinga, anawaonetsa mulu wa zitsulo kuseri kwa ofesi, udzu utamera pakati pake, nawauza kuti asankhe yawo.

Kunyumba Morie ankagona pansi pafupi ndi chitseko, bedi ankalikana. Mankhwala a chifuwa anamwa mwezi umodzi n'kusiya. Eni njinga sankafuna kubwereka munthu wotuluka kundende, ngakhale onse ankadziwa mmene analowera. Anapita kwawo kwa Seibatu kukaona mwana wake, ndipo mwanayo anathawira kuseri kwa mwamuna wina amene ankamutchula kuti ababa. Atabwerako, Morie anayamba kusowa masana, kenaka masiku. Fodya woledzeretsa uja amati kushi anamuphunzira m'ndende momwemo, kumene ankathandiza munthu kugona chokhala. Mu ketulo, mu wailesi, mu nsalu za mayi ake, chilichonse chonyamulika chinatuluka m'nyumbamo chimodzichimodzi. Jattu sanakhome chitseko. Tsiku lina Morie anangosiya kubwera.

Jattu anapempha kuti asamatumidwenso kukafunsa anthu mafunso, ndipo Dokotala Thorpe anavomera. Anafuna kubwerera ku uphunzitsi koma malo ake anali atalowa wina. Anakhalabe pa ntchito ya bungwe, akusanthula ziwerengero za maboma ena kumene sankadziwako munthu. Ku Lowoma sanasamuke. Anthu analeka kumunyoza, pakuti mkwiyo nawo umatopa, koma ofufuza ena atabwera ndi mafunso a za madzi ndi zimbudzi, dera lonse linawauza kuti eni nyumba achokapo.

Jattu anakamupeza Morie ku fakitale yakale yochekera matabwa, kumapeto kwa tauni, kumene osuta kushi amagona pa utuchi wowola. Kuyambira pamenepo ankapitako Lamlungu lililonse ndi chakudya, botolo la madzi otentha, mchere ndi nsanza zoyera. Anyamata a kumeneko anamuzolowera. Ena anali anyamata amene alongo awo iye anawaphunzitsa masamu. Ankamulozera kumene mwana wake wagona, n'kudikira patali kuti mwina chakudya chitsala.

Lamlungu lina anamupeza ali maso, atatsamira chitsulo cha makina. Mapazi anali otupa, zilonda za m'miyendo zitayamba kununkha. Jattu anagwada, anathira mchere m'madzi, nayamba kutsuka. Morie sanabuule. Ankayang'ana pamwamba pa mutu wa mayi ake.

"Amayi, mwayamba imvi."

"Zinayamba kalekale. Tiye kunyumba, Morie. Kuchipatala akuti mankhwala aja ungayambirenso."

"Ndibwera."

"Unatero sabata yatha."

"Ndibwera, amayi. Ndingokhala bwino kaye pang'ono."

Anadya mpunga pang'ono, wotsalawo anakankhira mnzake amene anagona pafupi. Kenaka mutu unayamba kugwera pachifuwa, ndipo anagona chokhala, pakamwa pali yasa. Jattu anamanga zilondazo ndi nsanza, anamufunditsa mpango wake kumapazi kuti ntchentche zisatere, ngakhale ankadziwa kuti pofika madzulo mpangowo udzakhala utagulitsidwa. Anatsuka mbale ndi madzi otsala. Mitambo inali itachita bii cha kumigodi, ndipo anafulumira kuti adutse pamlatho wa ku Lowoma madzi asanakwere.